Titchule Bwanji Mau a Chingerezi? Phunziro la Katchulidwe ka ku Britain

Pali tsiku limodzi limene sindidzaliiwala pa moyo wanga wa pano pa seminale. Ndinali mu Fomu 1, nditangofika kumene kuchokera kwathu ku Misuku m'boma la Chitipa, ndipo inali nthawi yanga yowerenga mapemphero pa Misa ya Chingerezi. Madzulo ake ndinakonzekera mokwanira, ndipo m'mawa ndinaima kutsogolo molimba mtima. Koma paliponse pamene panalembedwa mau akuti "pray", m'kamwa mwanga munkatuluka "play". M'malo moitana anzanga kuti tipemphere, ndinawaitana kuti tisewere, ndipo ndinatero kasanu konse. M'tchalitchi anyamata anayesetsa kudzigwira, koma titangotuluka panja chiseko chinabuka, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka Kochi.

Tsiku lomwelo Bambo amene amatiphunzitsa Chingerezi anandipeza nditakhala ndekha kuseri kwa kalasi. Anati, "Mwana wanga, lilime ndi mnofu ngati mwendo. Mwendo umaphunzira kumenya mpira, nalonso lilime limaphunzira. Ubwere ku ofesi ikatha nkhomaliro." Kumeneko anandibwereka dikishonale nandionetsa kawerengedwe ka zizindikiro za katchulidwe. Tsopano ndili mu Fomu 3, ndipo ndaganiza zogawana nanu zimene ndakhala ndikulemba m'kope langa, makamaka inu ang'ono anga a Fomu 1 ndi 2, kuti manyazi amene ndinaona ine asakugwereni.

Chingerezi cha ku Britain ndi chiti?

Dziko lathu linali pansi pa ulamuliro wa Britain kuyambira 1891 mpaka 1964, choncho Chingerezi chimene timaphunzira m'sukulu ndi kulemba pa mayeso a MANEB chimatsata kalembedwe ka kumeneko. Koma tisaganize kuti anthu onse a ku Britain amalankhula mofanana. Wa ku Liverpool, wa ku Glasgow ndi wa ku London akhoza kuvutikirana kumvana. Ndipotu azungu amene anayamba kuphunzitsa Chingerezi kuno kumpoto anali a ku Scotland. Dr Robert Laws wa ku Aberdeen anafika ndi mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1875, ndipo katchulidwe ka kwawo n'kosiyana ndi ka ku London.

Katchulidwe kamene madikishonale athu amaonetsa kamatchedwa Received Pronunciation, mwachidule RP. Amene anakalongosola bwino ndi Daniel Jones, mphunzitsi wa ku University College London, m'dikishonale yake ya katchulidwe yomwe inatuluka m'chaka cha 1917. Wailesi ya BBC, yomwe inayamba mu 1922, inakhazikitsa komiti mu 1926 yolangiza aulutsi za katchulidwe, n'chifukwa chake ena amati ndi Chingerezi cha BBC. Chodabwitsa n'chakuti olankhula RP ndi ochepa. Katswiri wa zilankhulo Peter Trudgill anayerekeza mu 1974 kuti ndi anthu 3 okha mwa anthu 100 aliwonse a ku Britain. Komabe ndi katchulidwe kamene kamamveka kwa anthu ambiri pa dziko lapansi, ndipo ndiko kali ndi mabuku otithandiza.

Vuto lathu lili pati?

Chingerezi chili ndi malembo 26, koma RP ili ndi maliwu 44: makonsonanti 24 ndi mavawelo 20. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha: a, e, i, o, u. Tsono ife timatenga mavawelo 20 aja n'kuwapanikiza m'mabowo asanu, ndiye mau ambiri osiyana amatuluka ngati amodzi. Chachiwiri, m'zilankhulo zathu mau amawerengedwa monga alembedwera, pamene m'Chingerezi kalembedwe kamanamiza.

Ife a ku Chitipa tisadziderere. M'boma lathu muli zilankhulo zoposa 10: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chinamwanga, Chitumbuka ndi zina. Mwana wa kwathu amafika ku sekondale akudziwa kale zilankhulo zitatu kapena zinayi. Khutu lotere silingalephere chilankhulo chimodzi choonjezera.

Muone kuti katchulidwe kamene ndalemba m'munsimu m'malembo a Chichewa n'kongoyandikira chabe. Malembo aakulu akusonyeza phatikizo lotsindika.

1. L ndi R

M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi. Lamulo la kalembedwe limati tilembe r patsogolo pa i kapena e, monga "kulira" ndi "kubwera", ndipo ngakhale wina anene "kubwela" tanthauzo silisintha. M'Chingerezi limasintha kotheratu. Potchula l, nsonga ya lilime imakhudza nkhama za kuseri kwa mano a m'mwamba. Potchula r, lilime limangoyandikira koma silikhudza paliponse, ndipo milomo imasongoka pang'ono. Yesezani awa:

pray, kupemphera, play, kusewera
rice, mpunga, lice, nsabwe
road, msewu, load, katundu
grass, udzu; glass, tambula
correct, kukonza, collect, kutolera
crowd, khamu, cloud, mtambo
arrive, kufika, alive, wamoyo

Amene angauze mlendo kuti ku Karonga amalima "lice" wambiri asadabwe mlendoyo akakana chakudya.

2. Mavawelo aafupi ndi aatali

Apa ife olankhula Chisukwa, Chindali ndi Chilambya tili ndi mwayi, chifukwa kwathu kutalikitsa vawelo kumasiyanitsa mau, choncho khutu lathu linazolowera kale. Vawelo lalifupi la mu "ship" limatchulidwa mofewa, pakamwa posakoka, pamene lalitali la mu "sheep" limatchulidwa milomo itatambasuka ngati mukumwetulira.

ship, sitima, sheep, nkhosa
live, kukhala, leave, kuchoka
fill, kudzaza, feel, kumva
full, chodzaza, fool, chitsiru
pull, kukoka, pool, dziwe

Gulu lovuta koposa ndi ili: hat, chipewa, hut, khumbi, heart, mtima, hurt, kupweteka, hot, kutentha. Ambiri a ife onsewa timangoti "hati". Mu "hat" pakamwa pamatseguka kwambiri ndipo liwu ndi lalifupi. Mu "hut" liwu ndi lalifupi ngati a wathu. Mu "heart" ndi a wautali wochokera kukhosi: haat. Mu "hurt" milomo siyenda, lilime limangogona pakati pa kamwa ndipo liwu limatalika. Tisamale potchula "Sacred Heart", kuopa kusandutsa Mtima Woyera kukhala chipewa kapena khumbi. Chimodzimodzinso "work", ntchito, ili ndi liwu la mu "hurt", pamene "walk", kuyenda, ndi wook, ndipo l wake samveka.

Palinso kaliwu kena kofooka kamene kamapezeka kawirikawiri kuposa mavawelo onse a Chingerezi. Dzina lake ndi schwa, ndipo m'dikishonale kamaoneka ngati e wozondoka. Kamamveka ngati kubuula pang'ono kwa munthu wotopa. Ndiko kali koyambirira kwa "about", kumapeto kwa "teacher" ndi "doctor", ndiponso m'phatikizo lachiwiri la "bishop". Amene wagwira kaliwu aka wayamba kumveka Chingerezi chenicheni.

3. R amene satchulidwa

Ichi ndicho chizindikiro chachikulu cha RP. Lembo r limatchulidwa pokhapokha ngati patsogolo pake pakubwera vawelo. Choncho "car" ndi kaa, "Lord" ndi lood, "water" ndi WOOta, "sister" ndi SISta. Pa chifukwa chimenechi mau awa amamveka chimodzimodzi: father ndi farther, caught ndi court, sauce ndi source, saw ndi sore. Koma mau otsatira akayamba ndi vawelo, r uja amadzuka n'kulumikiza mau awiriwo, monga "far away" ndi "four eggs". Anthu a ku Scotland, ku Ireland ndi ambiri a ku America amatchula r paliponse. Sakulakwa ayi, ndi katchulidwe ka kwawo.

4. A wautali

M'mau awa RP imagwiritsa a wautali wa mu "heart": class, pass, grass, ask, fast, after, bath, laugh, dance, answer, master, can't. Choncho ndi klaas, aask, laaf, AANsa. Koma musatalikitse paliponse: gas, hand, maths, classic ndi passenger ali ndi a wamfupi. Kumpoto kwa England, monga ku Manchester ndi ku Leeds, amatchula ambiri mwa mau awa mwachidule.

5. Malembo achete

Malembo ena amangokhala m'mau ngati alendo oonerera ukwati. Ambiri mwa mau awa timakumana nawo powerenga m'tchalitchi:

psalm, salimo: saam
hymn, nyimbo: him
apostle, mtumwi: aPOsl
epistle, kalata: iPIsl
tomb, manda: tuum
lamb, mwanawankhosa: lam
sword, lupanga: sood
debt, ngongole: det
doubt, kukayika: daut
receipt, lisiti: riSIIT
island, chilumba: AIland
listen, kumvetsera: LIsn
Wednesday, Lachitatu: WENZdei

Mu honest, hour, honour ndi heir h satchulidwa, koma mu hospital, hotel ndi herb amatchulidwa. Okonda mpira, maina a matimu ndi malo nawonso ali ndi misampha: Leicester, yomwe inatenga ligi ya ku England mu 2016, ndi LEsta, Tottenham ndi TOTnam, Fulham ndi FUlam, Edinburgh ndi EDinbra, ndipo mtsinje wa Thames ndi TEMZ.

6. TH, PH ndi CH

Apa kalembedwe ka Chichewa kamatisokoneza. Kwa ife th ndi wa mu "thumba", ph ndi wa mu "phiri". M'Chingerezi ph ndi f, monga "prophet" ndi "Philip". Potchula th, nsonga ya lilime imafika pakati pa mano ndipo mpweya umatuluka mopitirira. Pali th wopanda liwu wa mu think, three, faith, ndi th wa liwu wa mu this, father, brother. Gwirani pakhosi: pa wachiwiriyu mumva kunjenjemera. Tikapanda kusamala, "think" imakhala "sink", kumira. "Three" imakhala "tree". "Faith" imakhala "face". Koma mu Thomas ndi Thames th ndi wofanana ndi wathu uja wa mu "thumba".

Ch ali ndi maliwu atatu. Mu church, chapel ndi chalice ndi tch. Mu choir, character, chemistry ndi Christ ndi k, ndipo "choir" ndi KWAIa. Mu machine ndi sh. Onaninso kuti "archbishop" ili ndi tch, koma "archangel" ili ndi k.

7. Kutsindika

M'Chichewa timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: chiTIpa, kaROnga, miSUku. Chizolowezi chimenechi timachinyamula n'kupita nacho ku Chingerezi, kumene phatikizo lotsindika limasinthasintha. Bambo amakonda kunena kuti mzungu akhoza kukumva utalakwitsa vawelo, koma ukatsindika polakwika amasokera. Loweza awa:

CAtholic, SEminary, SAcrament, EUcharist, CEremony
deVElop, deTERmine, exAmine, sucCESS, poLICE, hoTEL
PHOtograph, phoTOgraphy, photoGRAphic

Mau otha ndi -tion kapena -ic amatsindika phatikizo limene lili kumbuyo kwenikweni kwa mathero amenewa: voCAtion, congreGAtion, eduCAtion, draMAtic. Koma CAtholic ndi Arabic amatsindika poyambirira. Mau ena akakhala dzina amatsindika poyamba, akakhala mneni amatsindika kumapeto: REcord ndi reCORD, PREsent ndi preSENT, CONvert ndi conVERT. Ena amameza phatikizo: "vegetable" ndi VEJtabl, "comfortable" ndi KAMFtabl, "secretary" ndi SEKratri. Ndipo "determine" ndi "examine" amatha ndi min, osati main.

8. Mathero a mau

Mau a Chichewa amatha ndi vawelo. N'chifukwa chake tinabwereka school, book, table ndi spoon n'kupanga sukulu, buku, tebulo ndi supuni. M'Chichewa ndi mau abwino ndithu, koma polankhula Chingerezi kavawelo komaliza kaja kasiyidwe pakhomo. Mathero a -ed ali ndi njira zitatu. Amamveka t mu walked, asked, washed. Amamveka d mu prayed, called, loved. Amamveka id pokhapokha mneni akatha ndi liwu la t kapena d, monga wanted ndi needed. Koma sacred, wicked ndi naked si aneni, choncho ali ndi maphatikizo awiri. "Blessed" akakhala mneni ndi blest, koma akamafotokoza munthu wodala, monga m'mapemphero, ndi BLEsid.

9. Mau a ku Britain ndi a ku America

Masiku ano mafilimu ndi nyimbo za ku America zafala, ndiye ambiri timasakaniza. Chosangalatsa n'chakuti Chichewa chenichenicho chimatikumbutsa mau a ku Britain, pakuti ndiko tinabwereka ambiri mwa mau awa:

lole: lorry ku Britain, truck ku America
petulo: petrol, gas
thalauzi: trousers, pants
bisiketi: biscuit, cookie
tochi: torch, flashlight
labala: rubber, eraser
boneti: bonnet, hood
chimanga: maize, corn
mpira wa miyendo: football, soccer

Samalani ndi "pants", chifukwa ku Britain ndi kabudula wam'kati. Katchulidwenso kamasiyana: ku Britain lembo lomaliza la alifabeti ndi zed, "zebra" ndi ZEbra, "tomato" ndi taMAAtou, "lieutenant" ndi lefTEnant, "laboratory" ndi laBOratri, "advertisement" ndi adVERtisment, ndipo "new" ndi nyuu. "Schedule" mwachikale ndi SHEdyuul, ngakhale achinyamata ambiri a ku Britain tsopano amayamba ndi sk. Polemba mayeso gwiritsani kalembedwe kamodzi: colour, centre, travelled, programme.

Tiyeseze bwanji?

Choyamba, dikishonale ikhale bwenzi lanu. Oxford Advanced Learner's Dictionary, imene A. S. Hornby anayambitsa ndipo inasindikizidwa ku Oxford mu 1948, inalembedwera ife ophunzira Chingerezi ngati chilankhulo chachilendo. Pambali pa mau aliwonse pali zizindikiro. Timadontho tiwiri tikusonyeza vawelo lalitali, ndipo kamzere kakang'ono kam'mwamba kamaikidwa kumbuyo kwa phatikizo lotsindika. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, khalani ndi kope la mau, ndipo tsamba lililonse muligawe patatu: mau, katchulidwe, tanthauzo. Mau 5 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 12, ndi mau 300 pa teremu. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Chachitatu, pezani mnzanu. Wina atchule "ship" kapena "sheep" atatembenuka, winayo alembe chimene wamva. Ngati walemba china, vuto lili pa lilime la wotchula kapena pa khutu la womvera, ndipo onse awiri apindula.

Chachinayi, mverani nkhani za pa BBC mukapeza mpata, ndipo bwerezani chiganizo chimodzi monga mwachimvera. Pa holide jambulani mau anu pa foni n'kudzimvera nokha. Tsiku loyamba mudzakana kuti si inu.

Chachisanu, amene ali ndi udindo wowerenga mawa lake ayang'ane mau onse ovuta lero, ndipo awerenge mokweza pamaso pa mnzake wa kalasi ya patsogolo. Ndipo ife akuluakulu tikonze ang'ono athu pambali, osati pagulu.

Chenjezo

Pa holide yapitayi ndinafika kwathu ndikudzimva kuti Chingerezi ndachitha. Pocheza ndi msuweni wanga ndinayamba kulankhulira m'mphuno ndi kumeza mau. Amayi anandiyang'ana kwa nthawi, kenaka anandifunsa m'Chisukwa chathu kuti, "Kodi mwana wanga, chimfine chakuyamba liti?" Ndinachita manyazi oposa a tsiku la Kochi lija.

Anzanga, cholinga cha phunziroli si kusanduka mzungu. RP salankhulira m'mphuno, ndipo kuthamangitsa mau si luso. Tikufuna kuti tikawerenga kapena kulankhula, womvera amve chimene tikutanthauza popanda kuvutika, kaya ndi wa ku Nsanje, wa ku Nairobi kapena wa ku London. Mayeso athu a Chingerezi ndi olemba, choncho n'kosavuta kunyozera katchulidwe, koma tsiku lidzafika loima pamaso pa anthu, ndipo pamenepo satifiketi sidzatilankhulira. Komanso amene amasiyanitsa "live" ndi "leave" potchula salakwitsa polemba. Ndipo amene adzatumikire ku Kameme, ku Nthalire kapena ku Ifumbo adzafunika Chilambya, Chitumbuka kapena Chindali chomveka bwino, mofanana ndi Chingerezi chomveka bwino.

Kwa inu makolo athu, pempho langa ndi ili: mwana akamayeseza mau achilendo kuseri kwa nyumba musamuyese wodzikuza, akuphunzira. Mukagulitsa khofi kapena nyemba, dikishonale yaing'ono ndi mphatso yokhalitsa. Koma pakhomo pitirizani kutilankhula chilankhulo cha makolo, ndipo tikayamba chimfine chonga changa chija, musachedwe kutipatsa mankhwala.

Ntchito

1. Pezani lembo lachete m'mau awa: climb, castle, knee, calf, autumn.
2. Kodi -ed akumveka t, d kapena id m'mau awa: helped, visited, cleaned, laughed, ended?
3. Sonyezani phatikizo lotsindika: ordination, committee, parishioner, electric.
4. Ndi mau ati a ku Britain: holiday kapena vacation, elevator kapena lift, pavement kapena sidewalk?

Mayankho: 1. b, t, k, l, n. 2. t, id, d, t, id. 3. ordiNAtion, comMIttee, paRIshioner, eLECtric. 4. holiday, lift, pavement.

Amene wakhoza zonse abwere adzandithandize kuphunzitsa a Fomu 1 Loweruka masana. Amene zamuvuta abwerenso. Mukafunsa za Kochi aliyense akulozerani.

Wolemba ndi wophunzira wa Fomu 3, wochokera ku Misuku, Chitipa.